Chigwembe cha Kunsi kwa Manda

Chigwembe chimene chidatsala pang'ono kubalalitsa mudzi wathu chidayamba ngati kanjira ka ng'ombe. Ndili mtsikana ndinkakalumpha mtsuko uli pamutu, osataya ndi dontho lomwe. Kankachokera kuphiri, kutsika m'mbali mwa munda wa atsibweni anga, kudzera kunsi kwa manda, n'kukathera kudambo kumene kudali chitsime chathu. Kwathu ndi kufupi ndi Domwe, mbali ya Apwitikizi, kumtunda kozizira, kumene mvula ikati ibwere sichita kuodira.

Nkhondo yaikulu ya azungu itangotha, mwini kantina wa kumsewu adayamba kugula kachewere, mbatatesi ija, ndipo kamiyawu, galimoto yaikulu ya katundu, inkabwera kudzanyamula matumba. Amuna amene adatsala m'mudzi adapenga naye kachewereyo. Atsibweni adagwetsa misuku ndi mitengo ina yonse ya m'mbali mwa phiri, natentha zitsa, nalima mizere yoloza kunsi kuti madzi asamaime m'munda, poti kachewere akakhala m'madzi sachedwa kuwola. Anzawo adatengera pomwepo. Masiku amenewo tinkawaseka abale athu a ku Dedza, amene Angelezi ankawakakamiza kulima mizere yopingasa ndi kukumba milambala, lamulo lija ankalitcha malimidwe. Tinkati Apwitikizi ndi oipa, inde, amatitengera amuna ku chibalo, koma sakuuza kumene mzere wako uloze. Tinkadziona ochenjera kwabasi.

Mwamuna wanga adatengedwa ndi asipayi, apolisi aja a ku posito, kuboma kwa Apwitikizi, ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Adapita kukaphwanya miyala ya msewu kutali kumene ine sindidafikeko mpaka lero. Mwana adabadwa anthu akukolola chimanga, wamwamuna, ndipo adakhala masiku anayi okha. Adatisiya tikali m'chikuta, mchombo usadagwe.

Mwana wotere kwathu sankamuwerengera maliro. Ankamutcha mtayo. Panalibe kulira, amuna sankayandikira, dzina sankamupatsa, ndipo make sankatsatira kumanda. Ankakamuika amayi akuluakulu okha, kumphepete kwa manda, kunsi, m'dzenje losaya lofika m'bondo basi. Ankati mukakumba lakuya mwakwirira ndi mimba ya make yomwe, sadzaberekanso.

Amene adandibereketsa, ndi amenenso adanyamula mwanayo, adali azamba a m'mudzi mwathu, mayi wamtali, wa mano ofiira ndi fodya, wapakamwa polasa. Ine sindinkawakonda, ndipo sindinkakhulupirira kuti iwo adakondapo munthu. Adang'amba chidutswa cha biriwita wanga, nsalu yakuda ija imene mkazi aliyense ankavala masiku amenewo, nakulunga mwanayo. Nditatsegula pakamwa kuti ndilire, adandiyang'ana nati, "Meza. Ukalira utsekera anzake njira." Ndidameza. Malo amene adakamuika sadandiuze, ndipo sikudali koyenera kufunsa.

Dzinja la chaka chomwecho kanjira ka ng'ombe kaja kadasanduka chinthu china. Madzi ankatsika m'mizere ya kachewere ngati achita kuitanidwa, onse n'kukumana m'kanjirako. Pofika Khirisimasi munthu akalowamo ankangooneka mutu. Chitsime chidadzaza mchenga. Madimba a kudambo adakwiririka, ndipo mabanja atatu adasamuka, ena ku Kalomwe, ena kutsidya kwa Angelezi omwe tinkawaseka aja. M'mudzi mudatsala akazi, nkhalamba ndi nyumba zotseka ndi minga.

Tsiku lina ndikuchokera kukapala mchenga pachitsime, ndidaona kuti chigwembe chakhota. Chidasiya njira yake yakale n'kuyamba kudya khoma la mbali ya kumanda. Ndidatula mtsuko, n'kuwerenga mapazi kuchokera pamlomo pake kufika pa udzu wautali umene udali malire a manda. Adali makumi awiri. Sabata itatha ndidawerenganso, adali khumi ndi anayi. Kuseri kwa udzu umenewo ndi kumene kudali mitayo yonse ya mudzi wathu, m'maenje ofika m'bondo.

Kuyambira tsiku limenelo ndidakhala munthu wamantha. Mtambo ukangoda kuphiri, ndinkasiya ntchito n'kumauyang'ana. Ndinkaona m'maganizo agalu a m'mudzi akukanganirana kanthu kudambo, ine n'kumadutsa ndi mtsuko osadziwa kuti ndi mwana wanga. Chakudya chidaleka kutsika. Choipitsitsa chidali choti manthawo ndinalibe womuuza, chifukwa mwana amene ndinkamuopera, pamwambo wathu, kunalibe.

Ndidayesa amayi anga, tikusinja pamtondo.

"Amayi, madzi akupita kwa mwana uja."

Adaimitsa munsi. "Mwana uti?"

"Wanga."

"Iwe ulibe mwana kumeneko. Usadzanenenso zimenezo, anthu angakumve." Adayambiranso kusinja, koma munsi wawo unkagunda m'mphepete mwa mtondo, chimanga n'kumatayika.

Atsibweni sindikadawauza za mtayo, poti nkhani zotere sauza mwamuna. Ndidangowadandaulira za chitsime, kuti madzi a m'munda mwawo ndi amene akutikwiririra. Adaseka. "Madzi saiwala khwawa, mwana iwe. Adadutsa pamenepo iwe usadabadwe. Ukufuna ndiwamange chingwe?" Ndidabwerako nditapsa mtima, ndipo ndikuvomera kuti m'njira ndidawatukwana chamumtima mawu osayenera mwana wa mlongo wawo.

Nzeru idachokera ku nkhokwe yakutha. Banja lina losamuka lidataya nkhokwe yawo m'chigwembe, ndipo idapingasa pakati pa miyala iwiri. Nditasuzumira ndidaona kuti kumtunda kwake kwaunjikana dothi lofika m'chiuno, pamwamba pake bonongwe atamera kale. Nkhokwe yowola idachita zimene mudzi wonse udalephera. Ndidaganiza kuti ngati ya mwini wake yotaya ikugwira dothi chotere, yoluka dala ingagwire koposa.

Ndidayamba kupita masana, dzuwa lili paliwombo, anthu akupuma, nditanyamula chikwanje ndi luzi ngati wokatola nkhuni. Ndinkatsikira m'chigwembe pafupi ndi manda, kukhoma zichiri, kuluka nsungwi pakati pake, n'kuunjika miyala kumbuyo. Kuluka nkhokwe ndi ntchito ya amuna, ine ndidali ndisadagwirepo, ndipo manja anga adachekeka mpaka kuleka kumva. Koma si zilonda zimene zinkandivuta. Mkazi wopezeka yekha kufupi ndi manda popanda maliro ali ndi dzina limodzi lokha, mfiti. Mwavi udali woletsedwa, koma anthu ankamwetsanabe mobisa kumapiri, ndipo ine ndinkamudziwa mayi wina amene adapita kukamwa osabwerako. Tsamba likangogwa kumanda, ndinkaima n'kumvetsera. Ndinkaopa akufa amene adali kumanzere kwanga, ndinkaopa amoyo amene adali kumanja, koma mtambo wa kuphiri ndinkauopa kuposa onsewo.

Posakhalitsa mphekesera idayamba. Pachitsime ndidamva mayi wina akuuza mnzake chapansipansi kuti kunsi kwa manda kwaoneka mapazi a munthu wamkazi, opita ndi obwerera. Mnzakeyo adati, "Tidzamudziwa. Ali ndi njala ya ndiwo ameneyo." Ndidasenza mtsuko wosadzaza n'kuchokapo. Mawa lake ndidati sindipitanso. Koma chakumasana kudagunda kuphiri, ndipo ndidapezeka ndanyamula chikwanje.

Tsiku limenelo ndi limene adandipeza. Ndidawerama ndikukankha mwala, n'kuona chithunzi cha munthu chagwera pa manja anga. Nditakweza maso, azamba adali ataima pamlomo pa chigwembe, manja ali m'chiuno.

"Kodi ndiwe," adatero.

"Ndimatola nkhuni, amayi."

"Nkhuni za miyala? Uphikira chiyani?"

Ndidadziwa kuti zanga zada, poti mawu a azamba m'mudzi sankabwerera. Adatsika pang'onopang'ono atagwirira mizu, nafika pa mpanda wanga, naukankha ndi phazi. Udapendekeka.

"Waluka ndiwe chimenechi? Ngakhale nkhuku singalole kuikiramo."

"Musandinenere, amayi. Sindidalowe kumanda. Ndikungofuna kuti madzi..."

"Ndikunenere kwa yani? Maenje onse ali kuseri kwa udzu uwo adakumba ndani? Ukuyesa wowerenga mapazi ndiwe wekha?" Adafwenkha fodya, nayang'ana kuphiri nthawi yaitali. "Koma ndiwe wopusa. Madzi ukufuna kuwagwira pano, atakula kale? Agwire kumtunda, akali ana."

Adakwera n'kumapita osatsanzika. Ine ndidakhala pamwala, osadziwa ngati ndapulumuka kapena ayi.

M'mawa mwake, dzuwa litatuluka bwino, azamba adadutsa pakati penipeni pa mudzi atasenza mwala waukulu pankhata. Ankayenda mwadala pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Atafunsidwa kumene akupita, adayankha mokweza kuti, "Tikukakonza chitsime." Chitsime chidali kwina, iwo ankalowera kwina, koma panalibe adatsutsa. Ndidatola mwala wanga n'kuwatsata. Nditacheuka, kumbuyo kwanga kudali akazi ena asanu, aliyense ndi mwala wake. Mmodzi adali mnzanga amene tidavinidwa naye chinamwali limodzi. Wina adali mayi uja adanena za njala ya ndiwo. Womaliza adali amayi anga, maso ali pansi. Panalibe adafunsa mnzake chimene wabwerera, ndipo pa ntchito yonseyo mawu oti mtayo sadatuluke pakamwa pa munthu.

Tidayambira kumtunda monga adanenera azamba. Tinkamanga timipanda tating'onoting'ono motsatana, kutsika nato chigwembe. Zichiri tinkadula za kachere ndi mlombwa, mitengo imene ukaikhoma yaiwisi imaphuka. M'makoma tidabzala nsenjere ndi nsungwi, ndipo pamene dothi layamba kuunjikana tinkaikapo mphukira ya nthochi. Azamba ankatukwana aliyense mofanana, ndipo ndidayamba kuona kuti kutukwana kwawo kunkatithandiza kusaganiza za chimene chidali kuseri kwa udzu.

Koma madzi ankachokerabe m'munda mwa atsibweni. Tsiku lina tidalowamo ndi makasu n'kuyamba kukumba mlambala wopingasa, kudula mizere yawo pakati, kachewere ali ndi maluwa. Atsibweni adabwera akuthamanga, nsalu ili m'manja.

"Mwatibweretsera malimidwe, akazi inu? Shefi, bwana wa ku posito uja, akadzaona adzati n'zabwino, mawa likhala lamulo. Wosakumba, mbalamatodya. Mudzawalirira ndinu manja a ana anu."

Mbalamatodya lidali thabwa la mabowo limene ankamenyera anthu m'manja ku posito mpaka kutupa. Atsibweni sankanama, ndipo ena mwa ife tidatsitsa makasu. Apwitikizi akakonda chinthu chako, chinkasanduka goli lako. Koma azamba sadaleke kukumba.

"Achimwene," adatero osadzuka, "munda uno ngwa mbumba, inu mumangotisungira. Ndiponso inu musade nkhawa. Dzenje lanu lidzakhala lakuya, pakati pa mitengo. Si onse ali ndi mwayi umenewo."

Atsibweni adayang'ana kunsi kumene kudali manda, nayang'ana alongo awo, amayi anga. Adatembenuka n'kumapita. Sadatithandize, koma sadatiletsenso. Masabata otsatira, tikangoona khaki pamsewu tinkabisa makasu m'nsenjere mitima ili m'mwamba. Msipayi mmodzi adafikadi, nayang'ana mlambalawo, nafunsa ngati m'mudzi muli amuna obisala, natenga nkhuku ziwiri n'kumapita. Za mizere analibe nazo ntchito.

Mvula imene tinkaiopa idabwera chimanga chikumasula ngayaye. Idayamba masana ndi matalala, kenaka idangotsanuka. Ndidaima pakhonde ndi amayi. Patapita nthawi tidamva mkokomo kuchokera kuchigwembe, wonga wa ng'ombe zambiri zothamangira kudambo, ndipo pakati pake pankamveka kuthyoka kwa nsungwi. Ndinkawerenga kuthyokako. Amayi adandigwira dzanja, chinthu chimene adali asadachitepo chikulireni changa, ndipo chikhatho chawo chidali chozizira.

Isadakate n'komwe tidathamangira kumeneko, ndipo tidapeza anzathu afika kale. Mlambala udagwira. Timipanda ta kumtunda tidapendekeka koma tidaima, titadzaza matope. Wa kunsi, wanga woyamba uja, udapita wonse, ndipo khoma la mbali ya kumanda lidagumuka mpaka kulowa mu udzu wautali. Pa dothi lofiira logumukalo, pakati pa mizu, pankalendewera kansalu kakuda.

Biriwita. Ndidayang'ana anzanga, ndipo nkhope iliyonse idali ngati yanga. Tonse asanu ndi mmodzi tidavala biriwita tsiku limenelo, ndipo aliyense wa ife adang'ambidwapo chidutswa. Mnzanga wa kuchinamwali adayamba kutsetserekera komweko, koma azamba adamukoka pamkono.

"Tembenukani nonse. Yang'anani kuphiri. Wocheuka ndithana naye."

Tidatembenuka. Tidaima mumvula yowaza titapereka misana, tikumva khasu lawo likugunda kwinakwake kuseri kwa udzu. Sindidziwa kuti padapita nthawi yotani. Pobwera adali matope mpaka m'mapewa, ndipo adangoti, "Mawa miyala. Yaikulu, osati timiyala tanu ta pamoto."

Masiku awiri otsatira ndidagwira ntchito ngati wogwidwa ndi mizimu, osadya, osalankhula. Tsiku lachitatu azamba adandituma kukadula nsungwi, nanditsata. Titafika poti anzathu sangatione, adandigwira paphewa nalankhula motsitsa mawu, mmene ndidali ndisadawamverepo.

"Si wako uja. Wako ali kumtunda, pansi pa msuku. Madzi safikako. Usauze munthu kuti ndakuuza."

Ndidagwada m'nsungwimo n'kulira kulira kuja ndidameza m'chikuta. Sadandiletse. Adaima chapatali akufwenkha fodya, ndipo nditamaliza adati, "Basi. Nsungwizo sizidzidula zokha."

Chigwembe sichidathe chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Tidalimbana nacho madzinja asanu kapena asanu ndi limodzi. Zichiri zidaphuka n'kukhala mitengo, nsenjere idagwira makoma, ndipo dothi limene linkathawa m'minda lidayamba kukhazikika kumbuyo kwa timipanda. Akazi ena adalowa m'gulu, ndiponso a midzi yoyandikana ankabwera kudzapempha mbewu ya nsenjere. Tidaleka kutentha mapesi, tinkawakwirira m'mizere pamodzi ndi ndowe. Atsibweni adatembenuza mizere yawo mwakachetechete, ndipo patapita zaka ankauza alendo kuti nzeruyo idali yawo. Chitsime chidabwerera. Awiri mwa mabanja osamuka aja adabwerera nawo, nachotsa minga pamakomo. Mwamuna wanga adabwera ali ndi chifuwa chimene sichidamusiye, ndipo tidabereka ana asanu amene adakula. Nthawi yonseyo, ndikadutsa kunsi kwa manda ndinkaba diso kuyang'ana msuku uja, mtima n'kukhala pansi.

Azamba adamwalira ine ndili kale ndi imvi zoyamba. Pa maliro awo ndidapita kukatunga madzi ndi mnzanga uja wa kuchinamwali. Tidadzera njira ya m'nthochi, pamene kale padali chigwembe, tikukumbutsana mmene ankatitukwanira. Mnzangayo adaseka, kenaka adapukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Koma adali ndi mtima mayi uja," adatero. "Poti apita, ndinene. Ukukumbuka kansalu kaja? Ine ndidatsala pang'ono kupenga. Ndiye adanditengera pambali nandiuza kuti si wanga. Wanga ali kumtunda, pansi pa msuku."

Ndidaima. "Pansi pa msuku?"

"Eya. Bwanji?"

Adaona nkhope yanga, ndipo kuseka kudamuthera. Tidatula mitsuko n'kuyang'ana kumanda. Msuku wa kumphepete udali umodzi wokha, waung'ono, womera pakati pa miyala iwiri, ndipo pansi pake sipakadakwana ngakhale maenje awiri. Tidali akazi asanu ndi mmodzi tsiku lija. Ndidakumbuka kuti sabata imeneyo aliyense wa ife adatumidwako kukadula nsungwi, aliyense tsiku lake, ndipo aliyense adabwerako maso ali ofiira. Amayi anga nawo adatumidwako.

Woti tikamufunse adali atagona m'nyumba ya maliro, anthu akumuimbira. Tidasenza mitsuko n'kubwerera, ndipo nkhaniyo sitidaikambenso mpaka mnzangayo adamwalira.

Nthawi zina ndimawakwiyira azamba aja, nthawi zina ndimawathokoza, ndipo sindidziwa kuti choyenera n'chiti. Ngati kansalu kaja kadali kanga, sindidzadziwa. Chimene ndikudziwa n'choti mantha aja adabwerera tsiku la maliro awo ndipo sadachokenso. Pamalopo lero pali nthochi, nzimbe ndi mitengo yoti munthu sangaikumbatire, ndipo ana a masiku ano sakhulupirira kuti padali dzenje. Koma mvula yoyamba ikagunda kuphiri, ndimapinda nkhata, n'kusankha mwala umene msana wanga ungathe, n'kutsika nawo. Adzukulu amandiseka, amati agogo mukupita kuti ndi mwala. Ndimawauza kuti ndikukakonza chitsime.